Mwana wanga walowa Chisilamu ku Joni: kodi Muhammad anali ndani, nanga mwanayu ndamutaya?

"A Shehe, ndine mayi wa ku Thyolo, wa Mvano kuyambira kalekale. Mwana wanga woyamba ali ku Johannesburg, amagulitsa mu shopu. Mwezi wathawu anandiimbira foni n'kundiuza kuti walowa Chisilamu, ati ndi dzina lomwe wasintha. Usiku umenewo tulo sindinatione. Anzanga akundiuza zambirimbiri. Ena akuti Asilamu amapembedza Muhammad, ena akuti chipembedzocho chinayamba ndi lupanga, ena akuti mwanayu sadzadyanso nsima yophika ine, ngakhale pamaliro anga sadzafika. Ine mpingo wanga sindisiya, ndipo sindikulemba kuti munditembenuze. Ndingofuna mundiuze zoona: Muhammad ameneyu anali ndani, chipembedzochi chinayamba bwanji, nanga mwana wangayu ndiye kuti wapita basi?"

Mayi, khazikani mtima pansi, mwana wanu sanapite. Taonani, anakuimbirani yekha n'kukuuzani ndi pakamwa pake, pomwe akanatha kubisa mpaka mudzamve kwa anthu otsika basi ya ku Joni. Mwana wofuna kutaya mayi ake sachita choncho. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa komanso kukhala pansi ndi mabanja, misozi ngati yanuyi ndaiona mbali zonse ziwiri: mayi wachikhristu amene mwana wake wayamba kupita kumzikiti, komanso mayi wachisilamu wa ku Mangochi amene mwana wake wayamba kuchezera ku mapemphero a Pentekoste. Amalira mofanana. Musaopenso kuti ndikukokerani kwathu. Ndikufotokozerani mbiriyi monga Asilamu timaidziwira, ndipo pamene pali povuta ndinena kuti apa m'povuta. Chachikulu chomwe ndikufuna muone n'chakuti Chisilamu chinayamba m'mabanja ogawanika ngati lanuli, ndipo funso lanulo linafika kwa Mtumiki Muhammad mwini wake ali moyo.

Muhammad (ife tikatchula dzinali timaonjezera kuti mtendere ndi madalitso a Mulungu zikhale pa iye, ndipo mudzamumva mwana wanu akutero) anabadwira mumzinda wa Makkah, m'dziko lomwe lero ndi Saudi Arabia, cha m'ma 570. Anali wa mtundu wa Quraysh, m'banja la Hashim, banja lolemekezeka koma losalemera kwenikweni. Bambo ake, Abdullah, anamwalira iye ali m'mimba. Mayi ake, Amina, anamwalira ali ndi zaka 6. Agogo ake aamuna, Abdul Muttalib, anamutenga, nawonso n'kumwalira patangotha zaka ziwiri. Kuchoka apo analeredwa ndi abambo ake aakulu, Abu Talib. Dzina limeneli mulisunge, tibwereranso kwa munthu ameneyu. Choncho mukamamva Asilamu akukamba kwambiri za ana amasiye, dziwani kuti amene anatiphunzitsa zimenezo umasiye anaudziwa yekha.

Anakula akuweta nkhosa, kenako n'kuyamba kuyenda ndi amalonda a pa ngamila opita ku Syria. Anthu a mu Makkah ankamutcha al-Amin chifukwa cha kukhulupirika, moti ena ankamusungitsa katundu wawo. Mayi wina wamasiye wochita malonda, Khadija, anamulemba ntchito, ataona mmene wayendetsera katundu wake n'kutumiza yekha mawu ofunsira banja. Muhammad anali ndi zaka 25, Khadija malinga ndi mbiri yofala anali ndi zaka 40. Anakhala m'banja zaka pafupifupi 25 popanda mkazi wina. Ana awo aamuna anamwalira ali aang'ono, aakazi anayi ndiwo anakula, ndipo wodziwika kwambiri ndi Fatima.

Kuti mumvetse chifukwa chake uthenga wake unautsa mapiri pachigwa, muyenera kuudziwa mzindawo. Pakati pa Makkah pali Ka'ba, kanyumba ka ngodya zinayi komwe Aluya ankati kanamangidwa ndi Abrahamu ndi mwana wake Ismayeli. Pa nthawiyo m'menemo ndi mozungulira munali mafano, mbiri imati 360. Mitundu yosiyanasiyana inkabwera chaka ndi chaka kudzapembedza, ndipo obwerawo ankagula ndi kugulitsa. Mafano ndiwo ankadyetsa mzindawo. Kunalibe mfumu imodzi, kunalibe polisi kapena khoti. Chitetezo cha munthu chinali abale ake basi: ukamenyedwa, akwanu ndiwo ankabwezera. Wopanda abale amphamvu, monga kapolo, mlendo kapena wamasiye, analibe kolowera.

M'chaka cha 610, ali ndi zaka 40, Muhammad anali yekha m'phanga la Hira pa phiri lina kunja kwa mzinda, m'mwezi wa Ramadhani. Anali ndi chizolowezi chopita kumeneko kukasinkhasinkha. Ife timakhulupirira kuti mngelo Jibril, Gabrieli yemweyo wa m'Baibulo mwanu, anamufikira n'kumuuza kuti awerenge. Iye anayankha kuti sadziwa kuwerenga. Mngelo anamufinya mwamphamvu katatu, kenako n'kumuuza ndime zoyamba za Qur'an, zomwe lero zili kumayambiriro kwa sura (mutu) 96. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti sanatsike phirilo akudzitama. Anatsika akunjenjemera, n'kufika kwa mkazi wake akuti amufunditse, akuopa kuti mwina mutu wasokonekera. Khadija ndiye anamulimbitsa mtima. Anamuuza kuti Mulungu sangamuchititse manyazi munthu amene amasunga ubale, amathandiza osauka, amalandira alendo ndiponso amasenza mavuto a anzake. Onani kuti choyamba kutchulidwa pamenepo ndi kusunga ubale. Atatero anamutengera kwa mbale wake wokalamba, Waraqa ibn Nawfal, yemwe anali Mkhristu wodziwa malemba. Waraqa anati ameneyo ndi mngelo yemwe anafika kwa Mose, n'kumuchenjeza kuti anthu akwawo adzamupirikitsa.

Oyamba kukhulupirira anali a m'nyumba mwake ndi mnzake wapamtima: Khadija, mnyamata Ali yemwe anali mwana wa Abu Talib, Zayd yemwe ankamulera ngati mwana wake, ndi mnzakeyo Abu Bakr. Kwa zaka zitatu ankaphunzitsa mwakachetechete, ndipo cha m'ma 613 anayamba kulalikira poyera. Uthengawo sunali wautali. Mulungu ndi mmodzi, mafano alibe mphamvu, akufa adzauka n'kuweruzidwa, wamasiye asaponderezedwe, wamalonda asabe pa sikelo, mwana wamkazi asakwiriridwe wamoyo monga ena ankachitira. Akuluakulu a Quraysh anaona kuti malonda awo ali pangozi, makolo awo akunyozedwa, ndiponso kapolo akuyamba kuima pa mzere umodzi ndi mbuye wake popemphera. Sakanatha kumukhudza Muhammad chifukwa cha Abu Talib, ndiye mkwiyo unagwera opanda abale. Bilal, kapolo wakuda wa magazi a ku Ethiopia, ankagonekedwa pa mchenga wotentha masana n'kuikidwa chimwala pachifuwa, mpaka Abu Bakr anamugula n'kumumasula. Mayi wina, Sumayya, anaphedwa ndi mkondo, ndipo timamuwerenga kukhala woyamba kufera Chisilamu.

Tsopano tafika pa nkhani yanu. Ambiri mwa olowa chipembedzo chatsopanochi anali achinyamata, ndipo makolo awo anamva kupweteka komwe mukumvaku. Kunali mnyamata wina, Sa'd ibn Abi Waqqas, wokonda mayi ake kwambiri. Mayiwo atamva, analumbira kuti sadya, samwa, salankhulanso naye mpaka abwerere. Anamuuzanso kuti: iwe ukuti Mulungu wako amalamula kumvera makolo, ine ndine mayi wako, ndikukulamula. Anakhala masiku atatu mpaka kukomoka, mwana wawo wina ndiye anawamwetsa madzi. Mabuku athu a Hadith, osunga zonena ndi zochita za Mtumiki, amati nkhani imeneyi ndi yomwe inatsitsa ndime za mu sura 31, ndime 14 ndi 15. Ndimezo zimayamba ndi kukumbutsa munthu mmene mayi ake anavutikira ndi mimba ndi kuyamwitsa zaka ziwiri. Kenako zimati makolo akakukakamiza kuphatikiza Mulungu ndi china, pa chimenecho usawamvere, koma ukhale nawo mwaubwino pa dziko lino. Ndiye kuti mwana wanu ali ndi chilolezo chokana chinthu chimodzi chokha, kusiya chikhulupiriro chake. Ulemu, chisamaliro, ndalama ya feteleza, kukuimbirani foni, kukusamalani mukadwala, zonsezo ndi ngongole yomwe chipembedzo chake chamusenzetsa. Munthu wina anafunsa Mtumiki kuti ndani woyenera kumuchitira zabwino koposa. Anayankha kuti mayi ako. Anafunsanso, yankho lomwelo. Kachitatu, lomwelo. Kachinayi m'pamene anati bambo ako. Sanati mayi ako ngati ali Msilamu.

Chizunzo chitakula, cha m'ma 615, Muhammad anauza ena mwa otsatira ake kuti awoloke Nyanja Yofiira apite ku Abyssinia, komwe lero ndi Ethiopia ndi Eritrea, chifukwa kumeneko kunali mfumu yosapondereza munthu. Mfumuyo, yomwe mabuku athu amaitcha Najashi, inali yachikhristu. Anapita m'magulu awiri, lachiwirilo la amuna oposa 80, ena ndi akazi awo. Mmodzi mwa oyamba kupita anali Ruqayya, mwana wa Mtumiki. A Quraysh anatumiza nthumwi ndi mphatso za zikopa kuti othawawo abwezedwe. Mfumu inakana kuweruza isanamve mbali inayo. Ja'far, mwana wina wa Abu Talib, anaima n'kufotokoza moyo womwe anali nawo kale ndi zomwe aphunzitsidwa tsopano, kenako n'kulakatula gawo la sura 19, yomwe imatchedwa ndi dzina la Mariya ndipo imasimba za kubadwa kwa Yohane ndi kwa Yesu. Mbiri imati mfumu inalira mpaka ndevu kunyowa. Mawa lake nthumwi zija zinayesa njira ina, zinati mfumu iwafunse zimene amanena za Yesu. Ja'far sanazembe: anati ndi kapolo wa Mulungu, mtumiki wake, mzimu ndi mawu ake omwe anawaika mwa namwali Mariya. Mfumu inabweza mphatso zija n'kuuza Asilamuwo kuti akhale mwamtendere m'dziko lake, ndipo ena anakhalako zaka zoposa 10. Nkhaniyi ndimaikonda kuisimba kwa achinyamata athu amene amalankhula mwachipongwe za Akhristu. Malo oyamba omwe Asilamu anapemphera opanda mantha anali mu Africa muno, pansi pa mfumu yachikhristu.

Tibwerere kwa Abu Talib. Akuluakulu a mzinda anamupanikiza kangapo kuti apereke mwana wa m'bale wakeyo, koma anakana. A Quraysh anagwirizana kuti banja lonse la Hashim lisagulitsidwe chakudya, lisakwatirane ndi aliyense. Kwa zaka pafupifupi zitatu anakhala mopanikizika m'chigwa china m'mphepete mwa mzinda, ana akulira ndi njala. Amene anavutika m'chigwamo sanali Asilamu okha. Abale osakhulupirira analowamo nawo chifukwa cha ubale, ndipo wowatsogolera anali Abu Talib. Asilamu ambiri, a Sunni, timakhulupirira kuti mkuluyu anamwalira asanalowe Chisilamu, ngakhale a Shia, gulu lina la Asilamu, amati anakhulupirira mumtima. Mtumiki anamukonda mpaka mapeto, anali pambali pake akudwala, ndipo atamwalira anauza Ali kuti apite akaike bambo ake m'manda. Anzanu amene akuti mwana wanu sadzafika pamaliro, nkhani iyi sakuidziwa.

Chaka cha 619 timachitcha chaka cha chisoni, chifukwa Khadija ndi Abu Talib anamwalira motsatizana. Chitetezo chinatha. Mtumiki anayesa mzinda wa Ta'if, anamugenda mpaka mapazi kutuluka magazi. Thandizo linachokera ku Yathrib, mzinda wa minda ya kanjedza kumpoto, ulendo wa makilomita oposa 400. Kumeneko mitundu iwiri, Aws ndi Khazraj, inali itatopa ndi kuphana ndipo inkafuna mkhalapakati. M'chaka cha 622 Asilamu anasamuka pang'onopang'ono, Muhammad ndi Abu Bakr n'kutsalira kumapeto. Anabisala masiku atatu m'phanga la Thawr anthu akuwasaka. Msamuko umenewu ndi Hijra, ndipo kalendala yathu imayambira chaka chimenecho. Yathrib inayamba kutchedwa Madinah. Kumeneko anamanga mzikiti wa zidina ndi mitengo ya kanjedza, Bilal uja n'kukhala woyamba kuitanira anthu ku swala. Othawa kwawo anawapatsa abale pakati pa eni mudzi, aliyense ndi wake. Panalembedwanso pangano la mzinda wonse lomwe linati Ayuda ali ndi chipembedzo chawo, Asilamu ali ndi chawo, ndipo onse ateteze mzindawo pamodzi.

Za lupanga sindikubisirani. Nkhondo zinalipo. Ku Makkah kwa zaka 13 Asilamu sanamenye nkhondo, koma ku Madinah anakhala boma, ndipo katundu wa osamukawo anali atalandidwa. Anayamba kutchingira amalonda a Quraysh panjira, ndipo mu 624 zinafika pa nkhondo ya Badr, Asilamu oposa 300 pang'ono kulimbana ndi anthu pafupifupi 1,000, n'kupambana. Mu 625 ku Uhud anagonja, Mtumiki anavulala kumaso, ndipo Hamza, m'bale wa bambo ake, anaphedwa. Mu 627 mitundu yambiri inazinga Madinah, Asilamu n'kudziteteza pokumba ngalande. Povuta kwambiri m'mbiri yonseyi ndi pa mitundu itatu ya Ayuda a mumzindamo. Iwiri inathamangitsidwa pa milandu yophwanya pangano. Wachitatu, Banu Qurayza, unaimbidwa mlandu wogwirizana ndi adani mzinda uli wozingidwa, ndipo amuna ake anaphedwa, akazi ndi ana n'kutengedwa ukapolo. Mabuku akale amatchula mazana angapo a ophedwa, ndipo akatswiri amatsutsanabe za chiwerengerocho. Msilamu woona mtima sayenera kuikana nkhaniyi kapena kuisekerera. Inachitika m'nthawi ya nkhondo, mwa malamulo a nkhondo a masiku amenewo, ndipo si chilolezo kwa munthu aliyense lero.

Ngakhale m'kati mwa nkhondozo ubale unkaonekerabe. Pa Badr, mmodzi mwa ogwidwa anali mkamwini wa Mtumiki, Abu al-As, mwamuna wa mwana wake Zaynab, yemwe pa nthawiyo sanali Msilamu. Zaynab anatumiza dipo kuchokera ku Makkah, ndipo m'katimo munali mkanda womwe mayi ake, malemu Khadija, anamupatsa pokwatiwa. Mtumiki atauona mkandawo anagwidwa chisoni, n'kupempha anzake kuti amumasule munthuyo ndipo mkandawo ubwerere kwa mwini wake. Pambuyo pa pangano la mtendere la Hudaybiyya mu 628, njira zitatseguka, mayi ake a Asma, mwana wa Abu Bakr, anabwera ku Madinah kudzaona mwana wawo. Mayiwo anali opembedzabe mafano. Asma anakayika, n'kukafunsa Mtumiki ngati awalandire. Yankho linali lakuti inde, sunga ubale ndi mayi ako. Ngati zinali choncho kwa mayi wopembedza mafano, nanga kwa inu amene Qur'an imakutchani anthu a Buku, kutanthauza Akhristu ndi Ayuda?

Mu 630 analowa mu Makkah ndi anthu 10,000 popanda nkhondo yeniyeni, anaphwanya mafano a mu Ka'ba, n'kukhululukira anthu a mumzindamo kupatula ochepa kwambiri. Mu 632 anachita Hajj, ulendo wa chipembedzo wa ku Makkah, yake yotsanzika, ndipo mu June chaka chomwecho anamwalira ku Madinah ali ndi zaka 63 powerengera zaka za kalendala yathu ya mwezi. Apa m'pamene pali yankho la anzanu onena kuti timapembedza Muhammad. Anthu atasokonezeka, Umar, mmodzi mwa anzake apamtima, akukana kuti sanafe, Abu Bakr anaima n'kunena kuti amene ankapembedza Muhammad adziwe kuti Muhammad wamwalira, koma amene amapembedza Mulungu adziwe kuti Mulungu ndi wamoyo, safa. Kwa ife iye ndi munthu, mtumiki womaliza pa mzere wa Nowa, Abrahamu, Mose ndi Yesu. Kumupembedza ndi tchimo lalikulu kuposa onse. Atamwalira, magulu ankhondo a Aluya anagonjetsa Syria, Egypt ndi Persia. Ulamuliro unafala ndi nkhondo, zimenezo n'zoona, koma anthu a m'maikomo kulowa Chisilamu kunatenga zaka mazana, ndipo ku Egypt Akhristu alipobe mpaka lero. Kwathu kuno chinabwera ndi amalonda a ku gombe la Indian Ocean, kudzera mwa a Jumbe ku Nkhotakota cha m'ma 1840 ndi mafumu achiyao monga Makanjira cha m'ma 1870. Ena mwa amalonda amenewo ankagulitsanso akapolo, ndipo zimenezo sizotinyaditsa.

Wina adzakuuzaninso za akazi ake, ndiye ndinene mwachidule. Khadija atamwalira anakwatira akazi angapo, pafupifupi onse amasiye kapena osiyidwa ukwati, ena pofuna kumanga ubale ndi mitundu. Aisha yekha ndiye anali asanakwatiwepo, ndipo Hadith zodziwika zimati analowa m'nyumba ali ndi zaka 9, ngakhale akatswiri ena amasiku ano amawerengera kuti anali wamkulupo. Kaya wina atsate ziti, m'Malawi muno lamulo ndi zaka 18, ndipo Msilamu aliyense ayenera kulitsata. Dziwaninso kuti mbiri yoyamba yathunthu ya moyo wake inalembedwa ndi Ibn Ishaq patapita zaka zoposa 100 atamwalira, moti nkhani zina n'zolimba, zina n'zofooka. Mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok, a omunyoza ndi a omutamanda omwe, sasiyanitsa zimenezi.

Sindikunamizani kuti zipembedzo zathu n'chimodzimodzi. Mwana wanu tsopano amakhulupirira kuti Yesu anabadwa kwa namwali, anachita zozizwitsa, ndi Mesiya, koma si Mwana wa Mulungu ndipo sanafe pamtanda. Kwa inu pamenepo ndiye pagona chikhulupiriro chonse, ndipo ndikudziwa kuti n'zopweteka. Langizo langa n'lakuti nkhani imeneyi musaiyambe pa foni, ndiponso musaiyambe miyezi yoyambirira ino. Munthu wongolowa kumene amakhala wotentha, amafuna kupambana mtsutso uliwonse, ndipo mawu onenedwa nthawi imeneyo amachedwa kupola. Mufunseni kaye kuti chinamukoka n'chiyani. Anyamata athu ambiri ku South Africa amafikira kwa anzawo achisilamu, amagwira ntchito kwa Asilamu, akadwala kapena akasowa pogona amathandizidwa kumzikiti. Ena amalowa chifukwa cha mkazi, ena chifukwa cha ntchito, ena anafufuza okha n'kukhutira. Mukadziwa kuti wanu ali pati, mudziwanso mmene mungalankhulire naye. Njira ya mayi ake a Sa'd, yokana kudya ndi kulumbira, sinabweze mwana nthawi imeneyo ndipo sindinaionepo ikubweza mwana masiku ano.

Nsima yanu adzadya. Chimene sadzadya ndi nkhumba, magazi, nyama yofa yokha, ndipo mowa sadzamwa. Nsomba, nyemba, masamba, mazira, zonsezo palibe vuto. Nkhuku kapena mbuzi, njira yapafupi ndi kumupatsa mpeni azinge yekha, monga amachitira mabanja ambiri osakanikirana ku Zomba ndi ku Machinga. Mphika womwe munaphikamo nkhumba ukatsukidwa bwino ndi woyera, koma ngati mungathe kumusungira wakewake, mudzachepetsa zokamba. Adzafuna madzi osamba m'manja, kumaso ndi mapazi, komanso kamalo koyera kopempherera kasanu pa tsiku. M'mwezi wa Ramadhani sadzadya masana, musadzaone ngati wanyanyala. Za dzina, Chisilamu sichikakamiza kusintha pokhapokha dzinalo lili ndi tanthauzo loipa. Umar, Ali ndi Bilal onse anakhalabe ndi maina awo akale, ndipo Qur'an imalamula kuti munthu azitchedwa ndi dzina la bambo ake omubereka. Inu muli ndi ufulu womuitana dzina lomwe munamupatsa. Pamaliro, mashehe ambiri amalola mwana kufika, kukumba nawo manda, kunyamula ndi kuika kholo lake, kungoti sachita nawo mapemphero a mpingo. Pa chuma cha masiye pokha m'pofunika kusamala: malamulo akale achisilamu amati anthu a zipembedzo zosiyana salowerana chuma, pomwe lamulo la dziko lathu la mu 2011 siliyang'ana chipembedzo cha mwana. Ngati muli ndi munda wa tiyi kapena nyumba, lembani wilu mudakali ndi mphamvu kuti ana asadzakangane.

Zoopsa zilipo, ndipo zizindikiro zake muzidziwe. Kusunga ndevu, kuvala mkanjo, kusiya mowa ndi kukana nkhumba si zizindikiro zoipa. Choipa ndi pamene wayamba kukutchani kafiri mwachipongwe, wasiya kutumiza thandizo ati chifukwa ndinu Mkhristu, akunyoza ngakhale mashehe a kumzikiti kwake kuti onse ndi osochera, aphunzitsi ake ndi anthu a pa intaneti omwe sanawaonepo, kapena akukamba za ulendo wachinsinsi ndi ntchito ya ndalama zambiri komwe sakutchula. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, kwakhala zigawenga zodzitcha zachisilamu kuyambira mu 2017, zapha Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo magulu otere amasaka anyamata osauka ndi ongolowa kumene amene sanaphunzire mokwanira. Mtumiki mwini wake, munthu wina atabwera kudzapempha kuti apite kunkhondo, anamufunsa ngati makolo ake ali moyo. Atavomera, anamubweza kuti akalimbikire kuwatumikira iwowo.

Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, musalimbane naye nokha. Pitani kwa shehe wa mzikiti wapafupi ndi kwanu, mutengane ndi mkulu wa mpingo kapena malume ake a mwanayo ngati mukuchita mantha kupita nokha, mupemphe kuti shehe alankhule naye pa foni. Mnyamata wotentha amamva msanga akadzudzulidwa ndi wa chipembedzo chake, kuchokera m'mabuku omwe iye amawalemekeza. Mabungwe monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi angakulozereninso munthu woyenera. Ngati wasowa osamveka, kapena walankhula zovulaza anthu, imeneyo si nkhani ya shehe, pitani ku polisi, ndipo abale adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg. Inunso ngati tulo tikusowabe, chakudya sichikulowa, kapena BP yakwera, kaonaneni ndi achipatala ndipo mukhale pansi ndi abusa anu. Pakadali pano, akaimbanso mufunseni dzina la mzikiti womwe amapemphera, dzina la amene akumuphunzitsa, ndi nambala ya mnzake mmodzi amene amakhala naye, muzilembe penapake.